Dzanja la a Nasoni ndi Ambulera ya Mfumu

Moni kwa inu owerenga, kulikonse kumene tsamba lino lakupezani, kaya pakhonde, kaya pabenchi la kuchipatala mukudikira kuti akuitaneni dzina. Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene watisungira mpweya kufikira lero, amene anatiumba ndi dothi ndipo amadziwa kuti dothi limang'aluka. Ndikuthokozeninso inu pondibwereka khutu. Nkhaniyi ndi ya dziko lakutali, losapezeka pa mapu. Mukaona ngati mukulidziwa, amenewo ndi maso anu, ine sindinanene.

Dzikolo ndi Tilibwino, likulu lake Palibevuto. Mfumu yake inali Sindilakwa Wachitatu, mwana wa Sindilakwa Wachiwiri, amenenso sanalakwepo.

Chaka china mvula inagwa masiku asanu osapuma, ndipo napolo anatsika m'phiri la Musatifunse. Matope ndi miyala zinakokolola midzi itatu pamodzi ndi mlatho waukulu, ndipo anthu ambiri sanapezeke. Bwalo la nduna litakhala pansi, linaona kuti m'dziko lotchedwa Tilibwino sizingatheke kuti anthu ochuluka chonchi afe tsiku limodzi. Motero linalengeza kuti aliyense amene thupi lake silinapezeke sanamwalire, ali paulendo. Makolo a dzikolo anasiyira ana awo mwambo woti munthu akapita ndi madzi osaonekanso, abale amaika m'manda thunthu la nthochi m'malo mwake kuti misozi ipeze pogwera. Mwambowo boma linauletsa, pakuti wapaulendo samukumbira manda. Amene abale awo anapezeka anawapatsa masiku atatu olira. Tsiku lachinayi dziko lonse linametedwa mipala mwalamulo, ndipo wailesi inalengeza kuti chisoni chatha pa 12 koloko masana.

Kunyumba yachifumu kunali bambo wina, a Nasoni Mkwaira, mkulu wa mpingo ndiponso woimba besi m'kwaya, amene ntchito yawo inali kunyamula ambulera ya mfumu. Musaipeputse ntchitoyi. Ambulerayo inali yofiira, yaikulu ngati denga la nkhokwe, ndipo m'mphepete mwake munalendewera timabelu tamkuwa makumi anayi. Mfumu ikamayenda, timabeluto tinkalira kuti anthu apatuke. Ikaima kuti iyankhule, tinkayenera kukhala chete ngati mpingo pa nthawi ya mgonero. Zaka makumi awiri ndi ziwiri a Nasoni sanalizepo belu n'limodzi lomwe pakati pa mawu a mfumu.

Tsiku la napolo linawapeza ali patchuthi kwawo, m'tsinde mwa phiri lija. Dzanja lamanzere linakakamira mtengo wa mango, lamanja linagwira mkono wa akazi awo, mayi Felesiya. Matope atadutsa, lamanzere linali likadali pamtengo, lamanja linalibe kanthu. Patatha sabata analandira kalata yochokera ku boma, yadidindo ziwiri, yofunira mayi Felesiya ulendo wabwino.

A Nasoni anametedwa ngati wina aliyense, nabwerera kuntchito, namayankha kuti ali bwino kwa onse owapatsa moni. Koma dzanja lamanja silinamve wailesi. Linayamba kunjenjemera. Mfumu ikangoti itsegule pakamwa, timabelu tonse makumi anayi tinkayamba ngelengele, ngati ng'ombe zikubwera kudambo.

Miyezi itapita, nkhaniyi inafika pabwalo la nduna, ndipo inadya masiku awiri athunthu. Nduna ya Chimwemwe inati dzanjalo likufalitsa mphekesera yoti m'dziko muli chisoni, choncho limangidwe. Loya wa boma anadandaula kuti malamulo salola kutsekera dzanja m'chitokosi mwini wake ali kunja. Nduna ya Milatho Yam'tsogolo, Wolemekezeka Tidzamanga, inayankhula maola atatu kuti vutoli latha kale pa mapulani. Potsiriza anagwirizana chimodzi: pa Tsiku la Chiyamiko, limene linali kubwera m'masabata asanu ndi awiri, belu likadzangolira mfumu ikuyankhula, a Nasoni adzatule ambulera ndi kutuluka m'nyumba ya antchito. Nyumba ya antchitoyo ndiyo yokhayo imene anatsala nayo pansi pano.

A Nasoni anayesa zonse. Anamangirira dzanjalo ku thabwa, thabwa n'kuyamba kunjenjemera nalonso. Anasala kudya masiku atatu. Abusa analipempherera, ndipo pempherolo linali labwino, linawatonthoza mtima, koma dzanja linapitiriza ulaliki wake.

Loweruka lina anapita ku msika wa Tingopirira kukagula tomato kwa Anangozo, mayi wa mvano amene amuna awo nawonso anali paulendo. Ponyamula mulu, tomato atatu anagwa n'kugubuduzika kulowa pansi pa benchi la wogulitsa usipa.

"Asiyeni, aMkwaira, nawonso apita paulendo," anatero Anangozo akuwaikira ena m'jumbo. "Nanga mayi alembako kalata?"

A Nasoni anati sanalembe.

"Anganso ayi. Kumene anapitako positi kulibe."

Kenaka anawakokera pambali nawauza kuti iwonso, mvula ikangoti waa pa malata, mawondo ankawathera mpaka kukhala pansi pakati pa msika. Anachira kwa mayi Esinati Kalonjere, namwino wopuma pantchito, amene anali ndi kachipatala kuseri kwa osoka nsapato. Mayiyo, anatero, amachiza ndi mkeka, ndi kupuma, ndi bowa wina wa m'phiri amene amaonetsa munthu zinthu.

A Nasoni anabwerera m'mbuyo pang'ono. Mkulu wa mpingo ndi bowa woonetsa zinthu! Komabe masabata anali kutha, ndipo Lachiwiri anapezeka pakhomo la mayi Esinati, atavala magalasi akuda kuti asadziwike. Aliyense amene anakumana naye panjira anawapatsa moni powatchula dzina.

Mayi Esinati anali wamfupi, wa mikono yolimba ngati ya wosinja. Funso loyamba la a Nasoni linali lakuti kodi zimenezi si za mdima. Mayiwo anayankha kuti bowayo anamumeretsa ndi yemwe anameretsa kwinini, ndipo iwo amamuyeza pa sikelo masana dzuwa likuswa mtengo, mazenera ali otsegula. Anawayeza kuthamanga kwa magazi, anawamvetsera mtima, anawafunsa mankhwala amene amamwa ndiponso ngati kumtundu kwawo kunakhalapo wodwala misala, pakuti ena amawabweza osawapatsa. A Nasoni anatambasula dzanja lamanzere kuti alandire. Mayi Esinati anaseka nawauza kuti avule nsapato.

Maulendo atatu sanaone bowa n'komwe. Ankangokhala pamkeka, mapazi pansi, kuphunzira kupuma ngati mwana wongobadwa. Mayiwo ankawafunsa kuti chinthucho chakhala pati m'thupi, n'chotentha kapena chozizira, chikufuna kupita kuti. A Nasoni, amene ankatha kumasulira malembo ola lathunthu osayang'ana pepala, anasowa mawu ofotokozera phewa lawo lomwe. Chimene chinawavuta koposa n'chakuti dzanja likayamba kunjenjemera iwo ankalikhalira, ndipo mayi Esinati ankalitulutsa.

"Ine ndabwera kuti lileke, mayi," anadandaula motero.

"Silingaleke lisanamalize, bambo. Lili ndi ntchito imene linaisiya pakati."

Ku Palibevuto makoma ali ndi makutu, ndipo sabata yomweyo galimoto ya mbendera inaima kwa osoka nsapato. Anatsika Wolemekezeka Tidzamanga. Anali atamva kuti kuli bowa woonetsa anthu zinthu, ndipo nzeru inawafikira ali m'bafa. Anafuna matumba makumi asanu. Pa Tsiku la Chiyamiko nzika iliyonse ikamwa kapu imodzi, n'kuitengera pamtsinje, n'kuilozera pamene panali mlatho, anthu adzauona okha, mwina ndi magetsi omwe. Nduna ya Zaumoyo inali itapempha kale kuti bowa wotsala aonetse anthu mankhwala m'zipatala.

Anawaitanira mayi Esinati kubwalo la nduna kuti akamve lamulo latsopano lotchedwa Bowa Kwa Onse. A Nasoni anali pomwepo kumbuyo kwa mpando wachifumu, timabelu tikuwaneneza. Mayiwo anagwada mwaulemu, nafotokoza kuti bowayu si wogawa ngati feteleza, ndipo wopatsidwa mwachisawawa akhoza kuvulala mutu. Nduna zinayasamula. Ndiye anawonjezera kuti pali chinanso: bowayu saonetsa munthu zimene kulibe, amatulutsa zimene munthu anabisa mkati, ndipo ambiri amazinena mokweza. Poti mwambo wa Tilibwino ndi wakuti chabwino chilichonse amayamba kulawa ndi akuluakulu, iwo anali okonzeka kuyambira pa bwalo lomweli, nduna imodziimodzi, mlembi ali pambali.

M'bwalomo munagwa bata loti ukanamva nyerere ikutsokomola, kupatula timabelu. Nduna ya Chuma inakumbukira kuti ili ndi vuto la shuga. Wolemekezeka Tidzamanga anati iwo ali pa kusala kudya kwa masiku makumi anayi, kuyambira m'mawa womwewo. Nkhaniyo anaipereka ku komiti, ndipo komitiyo ikuyembekezeka kukumana mlatho ukatha.

Apa ndiime pang'ono, abale anga. Musati mukamaliza kuwerenga muthamangire kuthengo ndi lichero. Manda ambiri adzaza ndi anthu amene anati bowa ndi bowa basi. Za ku Tilibwino zinachitika m'manja mwa namwino wodziwa ntchito yake.

Lachinayi la sabata yachisanu, cham'mawa, mayi Esinati anayeza bowa pa sikelo, namuviika m'madzi otentha, ndipo onse anapemphera. Anangozo anali atasiya tomato kwa mnzawo n'kubwera kudzathandiza, pakuti mayi Esinati sankachita ntchitoyi okha. A Nasoni anamwa, nakwinya nkhope, nagona pamkeka.

Kwa nthawi ndithu panalibe chochitika, mpaka anayamba kuganiza kuti ataya tsiku. Kenaka malata a padenga anayamba kupuma ngati nthiti za ng'ombe. Maluwa a pa chitenje cha Anangozo anatseguka. Anamva fungo la dothi lonyowa, ndipo mantha anawagwira. Mayi Esinati anawauza kuti amve zidendene zawo pamkeka, kuti lero ndi Lachinayi, kunja kuli dzuwa, ndipo sali okha. Anangozo anayamba kung'ung'uza nyimbo ya m'tchalitchi, yapansipansi.

Dzanja linanjenjemera kuposa kale lonse, mpaka phewa, mpaka mano. Kenaka linafumbata mpweya n'kuyamba kukoka. Mayi Esinati anapota chitenje ngati chingwe, naika nsonga imodzi m'dzanjalo, iwo ndi Anangozo n'kugwira inayo.

"Kokani, bambo. Musatimvere chisoni."

Anakoka. Munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu anakoka amayi awiri onenepa bwino kuwadutsitsa chipinda chonse, duku la Anangozo n'kugwa, nyimbo osaisiya. Anakoka thukuta likuyenderera, akuitana dzina limene sanalitchule mokweza chichokereni kwa ometa. Miyezi yonseyi mumtima mwawo munali mlandu umodzi, wakuti anataya mkazi wawo kuti adzipulumutse. Koma pamkeka paja dzanja linakumbuka chimene mutu unataya. Mtengo wa mango unali ukuwerama ndi kulemera kwa anthu awiri, ndipo panali zala zina zimene zinkatsegula zala zawo, chimodzichimodzi, modekha, monga mayi Felesiya ankatsegulira zala za mwana wogwira mpeni.

Dzanja linatseguka lokha. A Nasoni analira kulira kwa miyezi isanu ndi inayi, kumene osoka nsapato anakumva naimitsa nyundo zawo.

Madzulo, mutu utabwerera m'malo, anafunsa mayi Esinati ngati zimene anaonazo zinachitikadi kapena ndi bowa chabe.

"Ine kunalibeko, bambo. Dzanja lanu ndilo linaliko."

Masiku otsatira kunjenjemera kunachepa, koma sikunathe. Anabwereranso kawiri pamkeka popanda bowa, kungokamba ndi kupuma. Mayi Esinati anawauza kuti bowa wachita mbali yake yaing'ono, chotsala ndi chimene makolo ankachidziwa kale, ndipo iwo monga namwino womvera malamulo sangachitchule.

Mwamwayi, chaka chimenecho Unduna wa Zaulimi unali ndi kampeni yotchedwa Nthochi Pakhomo Lililonse. Loweruka lotsatira a Nasoni anapita kwawo m'tsinde mwa phiri kukabzala nthochi. Anawaperekeza a kwaya onse, amayi a mvano atavala zoyera, ndi abusa atanyamula khasu pamodzi ndi buku la mapemphero. Dzenje litafika m'khosi, anatulukira Sajeni Mlongoti wa polisi, kabuku m'manja. Anafuna kudziwa chifukwa chake nthochiyo inali yopanda mizu, yokulungidwa m'chitenje chatsopano, ndiponso chifukwa chake ankaibzala chogoneka, mozama chotere, mutu utaloza kumadzulo.

"Ndi mtundu watsopano, bwana," anayankha Anangozo. "Umachedwa. Umamera tsiku lomaliza, lipenga likalira."

Sajeniyo anayang'ana dzenje, anayang'ana a Nasoni, kenaka anavula chipewa. Anaima pomwepo mpaka nyimbo yomaliza, ndipo zinapezeka kuti ali ndi tena yabwino. Pochoka analemba m'kabuku kuti ulimi ukuyenda bwino m'derali, nafunsa chapansipansi ngati mbewuyo yatsalako, pakuti mng'ono wawo nayenso anachoka osatsanzika.

Tsiku la Chiyamiko linafika. Bwalo la zamasewera la Palibevuto linadzaza, ana asukulu atandandalikidwa kuti alembe mawu akuti TILI BWINO ndi matupi awo padzuwa. Mfumu Sindilakwa inayenda kupita kunsanja, timabelu tikulira monga mwa mwambo. Inaima. A Nasoni anaponda zidendene pansi, napuma monga anaphunzirira, nakweza ambulera.

Zii. Timabelu makumi anayi, ngakhale kamodzi kokha osagwedera. Nduna ya Chimwemwe inayamba kale kulemba kuti boma lachiritsa dzanja.

Koma m'bata limenelo munamveka phokoso lina, laling'ono, lotuluka m'zokuzira mawu zonse za m'bwalomo: phwaphwaphwa. Linali pepala la mawu a mfumu. A Nasoni, amene anali pafupi kuposa wina aliyense, anaona dzanja lachifumu likunjenjemera, ndi chibwano, ndi nthenga za pachisoti. Miyezi yonseyi maso a anthu anali pa ambulera ndipo makutu awo anali pa timabelu, motero panalibe amene anaona. Pamenepo a Nasoni anakumbukira kuti mlongo wake wa mfumu anakwatiwa ku umodzi mwa midzi itatu ija, ndipo kalata yomufunira ulendo wabwino mfumu inasaina yokha.

Anthu anayamba kugundana ndi zigongono. Mfumu inayesa kuwerenga mzere woyamba, mawu n'kukanirira. Inapendeketsa mutu pang'ono, kutali ndi chokuzira mawu.

"Nasoni," inanong'ona, "liza."

A Nasoni anaganiza za chigamulo cha bwalo, ndi kanyumba kawo ka zipinda ziwiri. Anali atachikwanitsa chimene anafunsidwa, ndipo akanangoima njii palibe akanawachotsa. Koma iwo ankadziwa kulemera kwa dzanja lotere, ndipo munthu amene wachitiridwa chifundo sachedwa kuchizindikira chikafunika kwa mnzake. Anagwedeza ambulera, pang'onopang'ono, mwadala, ndi dzanja lawo lochira. Ngelengele.

Wolemekezeka Tidzamanga anadzambatuka kuitana asilikali. Mfumu inakweza dzanja, ndipo pansi pa phokoso la timabelu mawu ake anabwerera. Inalengeza kuti kuyambira tsiku limenelo timabelu tizilira nthawi yonse imene mfumu ikuyankhula, monga chizindikiro cha chimwemwe, ndipo ntchito yotiliza ndi ya a Mkwaira moyo wawo wonse, pamodzi ndi nyumba. Nduna zonse zinaomba m'manja, iliyonse ikuuza inzake kuti maganizo amenewa inali nawo kuyambira kale.

Mwambo utatha, awiriwo anayenda kubwerera ku galimoto, mfumu patsogolo, a Nasoni phazi limodzi kumbuyo. Mfumu inayankhula osacheuka.

"Mayi uja amaona anthu masiku ati?"

"Lachiwiri ndi Lachinayi, Mwinidziko. Koma amafuna munthu afike yekha, popanda nduna, ndipo nsapato amavulira pakhomo."

Anayenda mapazi angapo.

"Nanga nthochi?"

"Kumunda kwanga zilipo zambiri, Mwinidziko. Khasu ndidzanyamula ndine."

Nanunso owerenga, Mulungu wachifundo akudalitseni ndi kukusungani. Ngati pali chimene chikunjenjemera mwa inu chimene mwakhala mukuchikhalira, akutumizireni munthu woleza mtima wokhala nanu pamkeka mpaka chimalize. Akupatseni malo ogwetsera misozi yanu ndi anzanu oimba nanu pamalopo, ndipo mtendere wake ukhale m'mitima mwanu, m'mafupa mwanu ndi m'manja mwanu. Ameni.